Sukulu ya mdzakazi amene anapulumutsa mfumu ndi phulusa

Mumsewu wa Divanyolu ku Istanbul m'dziko la Turkey, kufupi ndi nyumba yakale yopembedzeramo yotchuka ya Hagia Sophia, pali nyumba yamiyala imene alendo ambiri amangoidutsa. Inamangidwa mu 1819 kuti ikhale sukulu ya ana aang'ono, imene Aturuki amati sıbyan mektebi. Dzina lake si la mfumu kapena la mkulu wa asilikali. Ndi la mdzakazi, Cevri Kalfa.

Mu 1808, mfumu ya Aturuki, Sultan Mustafa IV, poopa kulandidwa ufumu, analamula kuti aphedwe abale ake awiri: Selim III, amene anali mfumu iye asanalowe ufumu, ndi kalonga Mahmud. Selim anaphedwadi m'nyumba yachifumu ya Topkapı. Koma achiwembuwo atafika pamakwerero opita kumene kunali Mahmud, anakumana ndi Cevri atanyamula mbale ya phulusa lamoto. Anawawaza nalo m'maso. Iwo ali kalikiliki kudzitikita, kalongayo anatulukira padenga, ndipo tsiku lomwelo anakhala Sultan Mahmud II. Patapita zaka 11, anamanga sukuluyi pomukumbukira mayiyo.

Masukulu oterewa nthawi zambiri ankakhala ndi chipinda chimodzi chophunziriramo, cham'mwamba, kuti ana atalikirane ndi chinyontho ndi phokoso lamumsewu. Ankakhala pansi pa timapilo, Korani ili pakathabwa kopinda, akubwereza mokweza zimene mphunzitsi wanena. Ya Cevri ndi yaikulu kuposa zinzake zambiri. Zipinda zam'mwamba zinatulukira kumsewu, zogwiriziridwa ndi zochirikiza zokhota, mawindo ambirimbiri olowetsa kuwala, ndipo kukhoma lakumaso kuli mpopi wamwala woyera pomwe wodutsa aliyense ankamwapo madzi. Kamangidweka kanatengerako masitayilo a ku Ulaya amene anali atafala ku Istanbul panthawiyo.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1850, m'nyumba yomweyi munatsegulidwa sukulu ya boma yoyamba yopitirizirako maphunziro a atsikana. Ana aakazi ankalowa pakhomo lokhala ndi dzina la mkazi mnzawo.

Kenako nyumbayi inadutsa m'manja ambiri, mpaka m'zaka za m'ma 1980 inaperekedwa ku Türk Edebiyatı Vakfı, bungwe la zolembalemba za Chituruki. Inakonzedwanso, osagwetsa maonekedwe ake akale, ndipo pansi pake lero pamagulitsidwa tiyi ndi zotsekemera. Anthu amamwa tiyiyo akuyang'ana sitima yamumsewu ikudutsa pafupi ndi mpopi uja.