Sitima za mpondamatiki zimene zinapita kunkhondo mu 1917

Dziko la America litalowa nkhondo yoyamba ya padziko lonse mu Epulo 1917, linalibe sitima zokwanira zoperekeza zombo za katundu, pamene sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza zombozo pafupifupi tsiku lililonse. Boma linagula kapena kubwereka ma yacht, sitima zimene anthu olemera ankayendera pokasangalala. Corsair ya J. P. Morgan, yotalika mamita oposa 90, ndi Noma ya Vincent Astor zinali m'gulu loyamba lofika ku Brest, ku France, mu Julayi chaka chomwecho.

Ntchito inkayamba ndi kugwetsa. Matabwa okongoletsa zipinda, makapeti ndi mipando yawofuwofu zinkachotsedwa, chifukwa bomba likaphulika zimenezi zimayaka msanga ndipo zibenthu zake zimavulaza anthu. M'malo mwake ankakhomamo mabedi osanjikiza, popeza asilikali ankachuluka kuposa antchito amene sitimayo inawakonzera malo. Kunja ankapakako utoto wotuwa.

Povuta panali pa mizinga. Sitima ngati Alcedo inalandira mizinga 4 ya kukamwa kwa mainchi 3. Mzinga ukalira umakankha chambuyo mwamphamvu, ndipo matabwa oyendapo anthu sangapirire. Choncho amisiri ankayala chitsulo pansi pake, n'kuimika mizati yofika ku nthiti za sitimayo kuti mphamvuyo igawikane. Komatu chitsulo chonsechi chili pamwamba, ndiye sitima imayamba kupendekeka kwambiri ndi mafunde. Izi ankazichepetsa podula milongoti ndi kusunga zipolopolo pansi penipeni. Malasha nawo ankasowa pokhala: paulendo wowoloka Atlantic ena ankangowaunjika m'matumba panja, kulemera kwa pamwamba n'kuwonjezekanso.

Chida chenicheni cholimbana ndi adani a pansi pa madzi chinali bomba loponya m'madzi kuchokera kumbuyo kwa sitima, lophulika likamira kufika pamlingo umene alitchera. Lalikulu linali ndi wonga wa makilogalamu pafupifupi 136. Sitima yothamanga imakhala itapita patali lisanaphulike, koma yacht yoyenda mwapang'onopang'ono inkatha kudzing'amba yokha kumbuyo. Pa 21 Meyi 1918, yacht yotchedwa Christabel ikuponyera mabomba sitima ya Germany ya UC-56, kugwedezeka kunamasula mabomba ena n'kuyamba kugubuduzika, mpaka msilikali Daniel Sullivan anawagwera n'kuwamanga. UC-56 inawonongeka n'kukabisala ku Santander, ku Spain, kumene anaitsekera.

Chimene amisiri sakanatha kukonza ndi thupi la sitimayo. Sitima yankhondo imagawidwa m'zipinda zambiri zosalowa madzi, kuti chimodzi chikabooka zinazo ziyandamitse sitima. Yacht ili ndi zipinda zazikulu zochezeramo ndi makoma owerengeka, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala. Alcedo itawombedwa ndi torpedo (bomba loyenda lokha m'madzi) ya sitima ya Germany ya UC-71 usiku wa pa 5 Novembala 1917, inamira m'mphindi pafupifupi 8, anthu 21 n'kufa. Yacht ina, Wakiva II, sinafunike n'komwe mdani: inamira mu Meyi 1918 itagundidwa m'chifunga ndi Wabash, chombo cha m'gulu lomwe inkaperekeza.

Poweruza sitima za mpondamatikizi tisawerenge adani amene zinamiza, poti pamenepo palibe chonyadira. Phindu lake linali kukakamiza sitima za Germany kukhala pansi pa madzi, kumene zinkayenda mochedwa n'kusiyidwa ndi zombo, komanso kuvuula anthu, monga Corsair ndi Alcedo zinachitira chombo chotchedwa Antilles chitamizidwa pa 17 Okutobala 1917.