Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Si Mwambi Wonyoza Odzikuza

Ambiri akamva kuti "mutu ukakula sulewa nkhonya" amaganiza za munthu wodzikuza amene tsiku lina adzaona polekera. Ayi ndithu. Mutu wa pamwambiwu ndi wamkulu wa pabanja kapena pamudzi, ndipo nkhonyazo ndi milandu ya anthu ake.

Taonani kumudzi. Mnyamata akalowetsa mbuzi m'dimba la eni, odandaula safunsa mwanayo. Amalunjika kwa malume ake, mwini mbumba, amene mwina panthawiyo anali kumaliro kutsidya. Iyeyo ndiye akakhale pabwalo la amfumu, apepese, alipe nkhuku. Ankhoswe nawonso amadzutsidwa pakati pa usiku banja likayaka moto, chikhalirecho ukwatiwo si wawo.

Pandale mwambiwu umaluma kwambiri. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, ndalama zikusolodwa ku Capital Hill, anthu sanalimbane ndi ma akauntanti okha. Nkhonya zinagwera Pulezidenti Joyce Banda, ndipo pachisankho cha 2014 anakhala wachitatu. Chondidabwitsa n'chakuti andale athu amaukonda mwambiwu akakhala kotsutsa, koma akangolowa m'boma zonse amaloza amene adalipo kale.