Madzi oyera mbee, koma mwawayezetsa?

"Madzi a pamjigo wathu ndi oyera mbee, mukufuna kuyezanji?" Funso limeneli ndatopa nalo. Mvula ikamalowa m'dothi imatenga mpweya wa carbon dioxide n'kukhala ndi kaasidi pang'ono, ndipo imayamba kusungunula mwala uliwonse umene yaukhudza. Madzi amene mukutunga lero mwina akhala m'ming'alu ya thanthwe zaka mazanamazana, ndipo akakhalitsa amatenga zambiri. N'chifukwa chake mjigo wakuya kwambiri sindiwo wabwino nthawi zonse, ngakhale okumba ena amakonda kutero.

Madzi akadutsa m'miyala ya laimu, sopo sachita thovu ndipo ketulo imachita zoyera pansi. Akachokera kumene kulibe okosijeni amanyamula ayironi (chitsulo): amatuluka oyera, koma mukawasiya m'ndowa amafiira ngati dzimbiri. Anthu amadandaula ndi zimenezi, pomwe sizindidetsa nkhawa kwenikweni.

Zondisowetsa tulo ndi zosaoneka, zosanunkha, zosamveka pakamwa. Fluoride, mchere wachilengedwe umene umadetsa mano a ana ukachuluka m'madzi, amachokera m'miyala ina yolimba yotchedwa granite ndi ya kumapiri ophulika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Sindiiwala kamtsikana kena ka zaka 8, mano ake ali psuu ngati wadya dothi, kakuseka kataphimba pakamwa. Mayi ake anali atakatsuka mano mpaka kutuluka magazi m'nkhama, atagulanso mankhwala kwa wina amene anawalonjeza kuti aziyera. Anandiuza monyadira kuti, "Bambo, ine madzi ndimawiritsa tsiku lililonse." Ndinasowa poyambira. Kuwiritsa kumapha majeremusi, koma fluoride satuluka ndi nthunzi. Madzi akaphwera, iye amatsala wochuluka. Manowo sadzayeranso ndi mswachi, ndipo fluoride akachuluka kwambiri kwa zaka amafika m'mafupa. Azing'ono ake okha ndiwo tikanawateteza, banjalo likadasintha kotunga msanga.

Arsenic, poizoni wopezeka m'miyala ndi m'dothi lina, ndi woipa kuposa apo. Ku Bangladesh anakumba zitsime zambirimbiri pothawa madzi a m'maiwe odwalitsa m'mimba, mpaka mu 1993 anapeza kuti pansipo pali arsenic wachilengedwe. Anthu mamiliyoni anali akumwa kale.

Zina timathira tokha: chimbudzi kapena feteleza pafupi ndi chitsime amakweza m'madzi mchere wotchedwa nitrate, woopsa kwa makanda.

Tsono wokumba akalawa madzi n'kunena kuti "ali bwino", musamulipirire lilime lakelo. Funsani pepala la zotsatira za ku labotale, lolembedwa fluoride, arsenic ndi nitrate. Ndipo musadalire pepala la mjigo wa anzanu, chifukwa mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kuboola miyala yosiyana.