Mboni ya m'thumba: mmene Zomba inafikira pojambula apolisi

Mkangano wa apolisi ndi ophunzira a ku Chirunga, sukulu ya ukachenjede ya ku Zomba imene kale inkatchedwa Chancellor College, ndi wakale kuposa aliyense amene akuphunzira pasukulupo lero, ndipo ukabuka mayendedwe ake amadziwika. Ophunzira atseka msewu waukulu ndi miyala, galimoto za apolisi zifika, utsi wokhetsa misozi ulowa mpaka m'nyumba za anthu a ku Chikanda omwe sizikuwakhudza, kenaka mawa lake mneneri wa polisi auza atolankhani kuti anyamata ake anangobwezeretsa bata. Chasintha n'chakuti masiku ano mneneriyo amalankhula kwa anthu amene aonera kale kanema wa zomwe zinachitika, ena kangapo konse, pa WhatsApp.

Kulemera kwa kanema wotereyu kumamveka bwino kuno chifukwa cha mbiri ya mzindawu. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno ngakhale likulu litasamukira ku Lilongwe. Ndende yaikulu ili kuno, Mikuyu ili chapafupi, koleji ya apolisi ndi likulu lawo la chigawo cha kummawa zilinso momuno. Kwa zaka zambiri womenya ndi wolemba lipoti la kumenyako ankagwira ntchito m'maofesi oyandikana.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo lopatsa apolisi ndi asilikali mphamvu zomanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ponena kuti a chipani cha Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu. Anthu 51 anaphedwa. Panalibe wojambula kumidzi kumene nyumba zinkatenthedwa, choncho zinatengera gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin kuyenda m'dziko muno n'kumva anthu pakamwa. Lipoti lake linati chiwembu chachikulu chimene boma linkanena sichinapezeke, linati mphamvu zosaloledwa zinagwiritsidwa ntchito, ndipo linati Nyasaland wasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linakana zambiri za m'lipotimo n'kutulutsa yankho la Armitage mwini wake. Mawu a anthu anakumana ndi mawu a boma, aliyense n'kusankha oti akhulupirire.

Nkhani imene imandionetsa kwambiri mtengo wa kusowa umboni ndi ya mu Meyi 1983. A Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, anagwidwa kuno ku Zomba atatuluka m'Nyumba ya Malamulo, anagonetsedwa ku Mikuyu, ndipo mitembo yawo inapezeka ku Mwanza. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Anthu ambiri ankadziwa kuti ndi bodza, koma kudziwa kwa m'mtima sikutsegula mlandu, ndiye kunali kungonong'onezana. Panapita zaka zoposa 11 kuti bungwe lofufuza, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, linene poyera kuti anayiwo anaphedwa ndi apolisi. Mlandu utalowa m'khoti mu 1995, mkulu wa apolisi wa nthawi ya imfazo, a Mac Kamwana, anali atamwalira kale, ndipo khoti linamasula a Kamuzu Banda ndi a John Tembo chifukwa umboni wosonyeza amene analamula sunakwane. Za Mikuyu nazo, kumene mlakatuli a Jack Mapanje anakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khoti, tinazimva kwa amene anatulukako amoyo. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, osatisimbira zawo.

Matipate atabwera, malamulo aakulu a dziko analetsa kuzunza munthu, koma zizolowezi za m'manja sizisintha ndi pepala. Mu Disembala 2001 ophunzira a Chancellor College anachita zionetsero, mwa zina podandaula za imfa ya woimba Evison Matafale amene anafera m'manja mwa apolisi mwezi wa Novembala. Apolisi anaombera, ndipo wophunzira Fanikiso Phiri anamwalira ndi bala la chipolopolo. Nthawiyo foni ya m'manja inali ya anthu ochepa, yopanda kamera, ndipo wailesi yakanema imene inalipo inali ya boma, yongoyamba mu 1999. Anzake anaona ndi maso, koma choti aonetse woweruza analibe.

Chaka cha 2011 chinali pakati pa nyengo ziwirizi. Mu Febuluwale mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitana mphunzitsi a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kuukira boma ku Tunisia ndi Egypt, ndipo maphunziro ku Chirunga anasokonekera kwa miyezi yambiri. Pa 20 Julayi kunali zionetsero dziko lonse, anthu 20 n'kufa. Bungwe la MACRA linaletsa wailesi kuulutsa zochitikazo nthawi yomweyo, atolankhani ena n'kumenyedwa, koma zithunzi zinadutsabe pa Facebook. Boma linkadziwa kutseka pakamwa pa wailesi. Foni ya munthu wamba linali lisanaiganizire.

Kenaka Julayi 2016. Fizi ya ku University of Malawi itakwera kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000, ophunzira anatseka msewu, mpaka ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America wa nthawiyo, unasokonekera kuno ku Zomba. M'masiku omwewo kunatuluka kanema woonetsa apolisi akumenya makofi atsikana ophunzira pasukulupo, atsikana oti sankalimbana ndi wina aliyense. Makofi si chipolopolo, ndipo poyerekeza ndi za 2001 ena akanati nkhani yaing'ono. Koma dziko lonse linaona yunifomu, linaona nkhope, linamva kulira kwa khofi, ndipo mawu ozolowereka aja akuti ophunzira ndi amene anayamba anasowa pogwira. Makolo a ku Nsanje kapena ku Chitipa amene sanapondeko ku Chirunga anaona mwana ngati wawo akupandidwa.

Ndiye kodi kanema ndi chilungamo? Ayi, ndipo America inaphunzira zimenezi kale. Mu Malichi 1991 George Holliday anajambula apolisi a ku Los Angeles akumenya Rodney King ndi zibonga. Dziko lonse lapansi linaonera, koma mu Epulo 1992 khoti linamasula apolisi anayiwo pa pafupifupi milandu yonse, maloya awo atauduladula kanemayo m'zithunzi n'kumafotokoza chibonga chilichonse ngati chodzitetezera. Mu Meyi 2020 ku Minneapolis zinayenda mosiyana. Chikalata choyamba cha apolisi chinati George Floyd anadwala mwadzidzidzi ali m'manja mwawo. Mtsikana wa zaka 17, Darnella Frazier, anali atajambula osaimitsa kwa mphindi zambiri bondo la wapolisi Derek Chauvin lili pakhosi pa Floyd, anakaima yekha m'khoti kunena kuti anajambula ndi iye, madokotala n'kufotokoza chimene chinamupha. Chauvin anapezeka wolakwa mu Epulo 2021 ndipo analamulidwa kukhala kundende zaka 22 ndi theka.

Apa ndi pamene ife timagwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola umboni wa pa foni ndi pa kompyuta m'khoti, koma woweruza adzafunsabe: anajambula ndani, liti, kuti, ndipo palibe amene anaudula? Kanema amene wadutsa m'magulu makumi a WhatsApp amafika atafinyidwa, nkhope zosaoneka bwino, tsiku lake losadziwika, mwini wake atabisala chifukwa amakhala ku Chinamwali kapena ku Matawale moyandikana ndi wapolisi yemweyo. Wotumiza amasankha masekondi opweteka kwambiri, ndiye loya wa wapolisi amangoti, "Nanga zisanachitike izi kunali chiyani?" Kanema wathunthu wosungidwa m'foni imene inajambula, ndi munthu wolimba mtima wokalumbira, ndi zimene zimalemera pamaso pa woweruza. Kokapereka dandaulo kulipo: lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, ngakhale kuti panapita zaka pafupifupi khumi bungwelo lisanayambe kugwira ntchito, zomwe pazokha zikunena zambiri za changu cha andale athu.

Komanso foni imaona za pamsewu zokha. Munthu akamalowa m'chitokosi amasiya foni pakauntala pamodzi ndi lamba ndi nsapato, ndipo nkhanza zoopsa kwambiri zimachitikira kuseri kwa chitsekocho kapena kumudzi kumene anthu athawira kutchire. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi mu Okutobala 2019, anapambana mu Ogasiti 2020 pamene woweruza a Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Anapambana ndi mawu awo olumbira, lipoti la Malawi Human Rights Commission ndi khama la bungwe la maloya achizimayi. A Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 popanda wojambula. Chinalankhula ndi thupi lawo, dokotala Charles Dzamalala atapeza kuti anawatentha ndi magetsi, ndipo kumapeto kwa 2024 khoti lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wakupha.