Kamleme ka kumpoto kamene kamalimbana ndi dzuwa losalowa

Pa mitundu yonse ya mileme padziko lapansi, palibe umene umaswana kutali kumpoto kuposa kamleme kotchedwa Eptesicus nilssonii. Akatswiri a zinyama Keyserling ndi Blasius ndiwo adakalemba m'mabuku a sayansi mu 1839, n'kukapatsa dzina la Sven Nilsson, katswiri wa zinyama wa ku Sweden. Kamalemera magalamu pafupifupi 10, ndipo kakatambasula mapiko kamafika masentimita 24 mpaka 28. Ubweya wake wakumsana ndi woderapo, koma nsonga zake zimanyezimira ngati golide.

Kamapezeka ku Norway, Sweden ndi Finland, m'mapiri a pakati pa Ulaya, kudutsa Russia ndi Mongolia mpaka pachilumba cha Hokkaido ku Japan. Ku Troms, kumpoto kwa Norway, kamabereka pa madigiri 69 kumpoto, kupitirira mzere wa Arctic Circle, umene kumpoto kwake dzuwa sililowa masiku ena a nyengo yotentha.

Ambiri amafunsa kuti kamapirira bwanji kuzizira. Chisanu chikayamba, kamalowa m'phanga, mumgodi wakale kapena m'chipinda chapansi pa nyumba, n'kugona miyezi yambiri. Thupi limazizira, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo kamakhalira mafuta amene kadasunga. Munthu akakadzutsa, kamawononga mafutawo nthawi isanakwane.

Koma kwa ine chodabwitsa chenicheni ndi nyengo yotentha. Ku Troms dzuwa sililowa kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Julaye, ndipo ana amabadwa m'nyengo yowala yomweyi. Mleme woyamwitsa umafuna chakudya chambiri, pamene kuuluka poyera ndi kudzipereka kwa mbalame zolusa. Choncho umatuluka kwa nthawi yochepa chabe pakati pa usiku, dzuwa likabisika kuseri kwa mapiri, n'kugwira udzudzu ndi tizilombo tina touluka timene timachuluka kwambiri kumeneko. Umatipeza polira mawu okwera kwambiri amene khutu la munthu silimva, n'kumvetsera mmene mawuwo akubwerera.

Popeza nyengo yotentha ndi yaifupi, mwana ayenera kukula msanga. N'chifukwa chake mileme yaikazi imasonkhana m'madenga ndi m'makoma a nyumba za anthu, mmene muli mofunda.

Ku Sweden, katswiri wa mileme Jens Rydell adaonetsa kuti kamlemeka kamakonda kusaka pa nyali za m'misewu za mtundu wa mercury, zimene zimakoka njenjete usiku. Iye ndi anzake adapezanso kuti pakati pa 1988 ndi 2017 chiwerengero chake chidatsika kupitirira theka m'malo amene ankawerengera, ndipo kusinthidwa kwa nyalizo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa mleme waukazi umabereka mwana mmodzi kapena awiri pachaka. Mwini nyumba akatseka mabowo a denga mu Juni kapena Julaye, ana amafera mkatimo amayi awo ali kunja, ndipo pamatenga zaka kuti gululo libwerere mwakale.