Zigoba za mabrachiopod zimaulula kuya kwa nyanja yakale

Mukaswa mwala wa laimu n'kupezamo kachigoba, musafulumire kunena kuti ndi nkhono. Yang'anani chigoba chimodzi kuyambira kunsonga kwake kutsika pakati. Ngati mbali yakumanja ikufanana ndendende ndi yakumanzere, koma chigoba chapamwamba ndi chapansi zikusiyana kukula, mwagwira brachiopod, kanyama ka m'nyanja ka zigoba ziwiri. Nkhono za zigoba ziwiri zili mosemphana: zigoba zake n'zofanana, koma chilichonse pachokha n'chopendekera mbali imodzi.

Zamoyozi zinayamba kuoneka m'nyengo ya Cambrian, zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Zinadzaza pansi pa nyanja mpaka zaka 252 miliyoni zapitazo, pomwe zambiri zinatheratu. Lero yatsala mitundu yosakwana 500.

Ubwino wake kwa ife ofufuza miyala ndi woti sizinkayendayenda. Zambiri zinkadzimata pansi ndi kamchira ka mnofu, n'kumasefa chakudya m'madzi, ndipo mtundu uliwonse unali ndi madzi ake ouyanja. Mu 1965 wofufuza miyala Alfred Ziegler anaonetsa zimenezi m'miyala ya nyengo ya Silurian ku Wales ndi m'malire ake ndi England. Mwa mitundu ya mabrachiopod, Lingula inkakhala m'matope a kufupi ndi gombe, kenako Eocoelia, Pentamerus, Stricklandia, mpaka Clorinda kumadzi akuya. Choncho mukamakwera miyala yosanjikizana, m'munsi n'kupeza Eocoelia, pamwamba n'kupeza Stricklandia, ndiye kuti nyanja inkanka nizama pamalopo. Zigobazi zimanenanso za kuzizira kwa madzi: brachiopod yotchedwa Australospirifer ya m'miyala ya Bokkeveld ku South Africa imapezekanso ku zilumba za Falkland, kufupi ndi South America, chifukwa m'nyengo ya Devonian maderawa anali m'nyanja imodzi yozizira.

Koma apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Namondwe amakokolola zigoba n'kukaziunjika kutali ndi kwawo. Musanakhulupirire zomwe mwala ukunena, onani kaye mmene zigobazo zagonera. Zomwe zinafera pomwe zinkakhala zimakhala zotsekana ziwiriziwiri, zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana, mizere ya pamsana ili yosafufutika, ndipo zina minga yake ikadalipo. Zokokoloka zimakhala zolekana, zobenthuka m'mphepete, zofanana misinkhu ngati zochita kusefa, zambiri zitavundikira ngati mbale. Mulu wotere umangokuuzani kuti panadutsa madzi amphamvu, osati kuya kwa malowo. N'chifukwa chake musanachotse mwala pathanthwe, jambulanipo kamuvi kosonyeza kumwamba, mulembenso mzere wa miyala yosanjikizana womwe wachokera. Chigoba chokongola chopanda zimenezi chataya theka la phindu lake.

Samalaninso ndi asidi pochotsa chigoba m'mwala. Zigoba zambiri n'za laimu, moti zimasungunuka limodzi ndi mwala wake. Asidi wofooka amathandiza pokhapokha chigoba chikakhala cha phosphate (zomwe zimapanga mafupa), monga cha Lingula, kapena chikakhala chitasanduka silika (mwala wa mtundu wa mchenga). Zinazo muzizisokotola pang'onopang'ono ndi singano yachitsulo, galasi lokuzira zinthu lili padiso.