Mlandu wa Mbuya ndi liwu limodzi la m'malamulo

Pa 3 Febuluwale 2020 ndinali pa Bangula, pansi pa mtengo wa nimu pomwe madoda amatchovera bawo. Tsiku limenelo nkhomo zinangokhala m'maenje mwake, wailesi ili pakati, oweruza asanu ku Lilongwe akuwerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Zitamveka kuti chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 chathetsedwa, komanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, achinyamata analumpha. Mkulu wina wogulitsa milamba youma sanasunthe. Anangotiuza kuti nkhani imeneyi anaiyamba ndi Mbuya ife tili ana.

Mbuya ndi Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, yemwe anali nduna yamphamvu mu ulamuliro wa Kamuzu Banda mpaka pamene Kamuzu yemweyo anamutsekera mu 1980. Anatuluka mu 1993, chaka cha referendamu, ndipo posakhalitsa anabwerera ku chipani chomwe chinamumangacho. Pa chisankho cha 1999 anaimira MCP mogwirizana ndi AFORD ya Chakufwa Chihana. Bakili Muluzi anapeza mavoti pafupifupi 52 pa 100 alionse, Gwanda pafupifupi 45.

Anakamang'ala kukhoti, ndipo mkangano unagona pa gawo 80(2) la malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawoli, lomwe linalembedwa m'Chingerezi, limati pulezidenti asankhidwe ndi "majority of the electorate". Mbali ya Gwanda inkati mawuwa akutanthauza oposa theka la anthu onse amene analembetsa m'kaundula, kaya anavota kaya anatsala kudimba. Powerenga chomwecho, Muluzi sankafikapo. Mu 2000 bwalo lalikulu la apilo linakana, n'kunena kuti wopambana ndi amene waposa anzake basi.

Chigamulo chimenecho n'chimene chinalamulira zisankho kwa zaka pafupifupi 20. Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti osafika 40 pa 100. Mng'ono wake Peter analowanso chimodzimodzi mu 2014, ndipo mu 2019 bungwe la MEC linamulengeza ndi mavoti pafupifupi 38.6 pa 100, pa mapepala ena ofufutidwa ndi tipeksi. Chaka chimenecho chigwa chathu chinalinso m'bwalo, chifukwa womutsatira Lazarus Chakwera anali Sidik Mia wa ku Chikwawa.

Koma apa ndimasiyana nawo amene amati khoti la 2020 linamutsuka Mbuya. Iye ankafuna theka la olembetsa onse. Oweruza a 2020, komanso bwalo la apilo lomwe linagwirizana nawo pa 8 Meyi chaka chomwecho, anati theka la mavoti oponyedwa n'kuwonjezerapo imodzi. Ndi muyeso umenewu Muluzi akanapambanabe mu 1999. Nanga 2004, pomwe ambiri kwathu kuno amalumbira mpaka lero kuti mgwirizano wake unaberedwa? Pakanakhala chibwereza, inde, koma pa zotsatira zomwe zinalengezedwa Gwanda anali wachitatu, kumbuyo kwa John Tembo. Mawuwa sawakonda akuluakulu a ku Nsanje, ndipo ndinawayesapo kamodzi pamaliro, sindidzabwerezanso.

Chimene sindingamulande n'chakuti anali m'gulu la oyamba kutengera mkangano wa mpando wa pulezidenti kwa oweruza, n'kuwakakamiza kumasulira liwu lomwe olemba malamulo analisiya lotseguka. Oweruza a 2020 anayenera kufukula mlandu wake womwewo kuti afotokoze chifukwa chake akupatukira njira ina, ndipo dzina lake linamveka pa wailesi tsiku lija.

Mwini wake sanalimve. Anamwalira mu 2016. Chisankho chachibwereza chinachitika pa 23 Juni 2020, Chakwera n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, womutsatira ali Saulos Chilima, Mia atamupatsa malo. Mkulu wa milamba uja ndinamuona pamzere m'mamawa, chiphaso atachikulunga m'kajumbo ka shuga.